Mtsikana Amene Sukulu Inamutcha Waulesi

Ndinaphunzitsa ana zaka zambiri, poyamba cha ku Tembwe, kenako kuno ku Chifunda kumene ndinapumira ntchito, ndipo sindinatayepo pepala. Makalata ondisamutsa, ziphaso za ku chipatala, makope a kaboni a malipoti onse amene ndinalembera ana a eni, zonse zili mu tiranki yachitsulo imene ndinaikhazika pa njerwa kuopa chiswe. Mayi a kunyumba amati tsiku lina ndidzawaika iwonso mu envulopu n'kulemba deti pamwamba. Aseke. Mu tirankimo muli malipoti awiri a mwana mmodzi, a temu imodzi, odindidwa ndi chidindo chimodzi, koma lina likuti mwanayo ndi waulesi, lina likuti ndi wolimbikira. Analemba onse awiriwo ndi munthu mmodzi, ndipo polemba loyamba ndi lachiwiri lomwe, nkhope ya mwanayo sanali kuidziwa. Ndikulemba izi chifukwa ndikazinena pakamwa anthu amati mdala uja wayambanso.

Mwanayo ndi mdzukulu wanga. Bambo wake ndi mwana wa mlongo wanga, ndipo mtsikanayu ndiye woyamba kubadwa m'nyumba mwake. Chaka chimenecho anali mu giredi 8 pa sukulu ya kuno kwathu, imene sindiitchula dzina. Mpunga utayamba kucha, mayi ake anadwala ali ndi pakati, anawatengera ku chipatala cha ku boma ku Chama, ndipo bambo wake anakhala komweko kuwadikirira. Pakhomo panatsala mtsikanayo ndi azing'ono ake. Aliyense amene analimapo mpunga m'chigwa muno akudziwa kuti ukangochita mkaka, mbalame sizikupatsa mpata ngakhale wokamwa madzi. Dzuwa likamatuluka uyenera kukhala uli kale pa nsanja, chingwe cha zitini chili m'manja, ndipo sutsika mpaka mbalame zitapita kukagona. Mtsikanayo anachita zimenezo tsiku ndi tsiku, kwinaku akuphikira ana ndi kuwasambitsa. Mpunga utacha anadula yekha mbali yaikulu, ife achibale tinangothandiza kupuntha ndi kututa. Ndinamuona ndi maso anga, milomo itang'ambika ndi dzuwa, mawu atasasa chifukwa chokuwa. Ku sukulu anapitako masiku owerengeka, mayeso a kumapeto kwa temu analemba asanaphunzire, ndipo analephera. Zimenezo sindikutsutsa. Malikisi anali otsika ndipo anayenera kutsika.

Pa nthawi yomweyo azakhali ake a mtsikanayo, amene amakhala ku Lundazi, anali kupempha mwana wamkazi woti azikawalerera ana iwo akapita ku ntchito. Bambo wake sanavomere ndipo sanakane. Anandiuza yekha kuti adikira lipoti la sukulu. Ngati mutu ulipo, mwana apitirize. Ngati palibe, apite kwa azakhali ake asataye nthawi. Kwathu kuno mwana ndi wa kuchimuna. Malume amapatsidwa mpando, amafunsidwa nzeru, amathokozedwa, koma chigamulo si chake.

Ndisanafike pa lipotilo ndinene mmene ndinaphunzirira mawu a Chingerezi olemba m'malipoti, kuti wina asaganize kuti ndimadana ndi Chingerezi. Ndimachikonda, ndipo chinandidyetsa. Ahedi anga oyamba ku Tembwe anali munthu wamfupi, wosakweza mawu, koma malipoti sanali kusaina asanawerenge limodzi limodzi, mphunzitsi ataimirira pomwepo. Ndikukumbuka mnzanga wina amene analembera mwana kuti "careless", kutanthauza wosasamala.

"Aphunzitsi, munaona chiyani?" anafunsa ahediwo.

"Wapeza malikisi ochepa, bwana."

"Malikisi ali pa mzere wake apa, kholo liwaona lokha. Inu mwanena kuti mwanayu sasamala. Katengeni kope lake mundionetse pamene sanasamale."

Kope linabwera. Linali loyera, mizere yowongoka, deti pa tsamba lililonse. Mwanayo anali wosamala kwambiri, kungoti masamu ogawa sanali kuwamva. Mnzangayo anabwerera ndi mulu wonse wa malipoti kukayambiranso.

Ahedi amenewo ndi amene anatiphunzitsa kuti mawu onena za munthu sali mtundu umodzi. Ena amanena zimene munthu angathe, ena amanena za mtima wake, ndipo ena ochepa amanena mmene amasankhira chochita zinthu zikathina. Ukalemba "weak" ukunena za zimene mwana wakwanitsa temu ino, ndipo temu ya mawa zingathe kusintha. "Slow" ndi mwana amene amafika koma mochedwa, ndipo ambiri otere akafika saiwalanso. "Dull" ndi mawu olemera, akuti mutuwo sulandira, ndipo pa zaka zanga zonse ndinawalemba mwa apo ndi apo, nditamuyesa mwanayo chaka chathunthu ndi njira zonse zimene ndinali nazo. Koma "lazy" si mawu a mutu n'komwe. Ndi mlandu. Ukuuza kholo kuti mwana wanu mphamvu ali nazo, nthawi ali nayo, koma safuna. Mlandu wotere sungaimbe munthu usanamuone atakhala pansi anzake akugwira ntchito.

Inenso ndinalembedwapo. Woyendera sukulu wina analemba za ine kuti "sound judgement, but difficult", kutanthauza kuti ndimaganiza bwino koma ndine wovuta. Sindinadandaule. Munthuyo anakhala kumbuyo kwa kalasi yanga m'mawa wonse, anamva mmene ndinamuyankhira atandifunsa za ndandanda ya maphunziro, ndipo anali ndi ufulu wolemba zimene anaona.

Tsiku lotsekera sukulu anabwera masana, bambo patsogolo, mtsikana pambuyo, monga amabwerera anthu ambiri a m'mudzi muno ndi mapepala awo kuti ndiwawerengere. Tinakhala pakhonde. Mtsikanayo anakhala pa mphasa chapatali.

"Asibweni, tiwerengereni," anatero bambo wakeyo. Ndimo mmene timaitanira malume m'Chisenga.

Ndinavala magalasi. Ndinawerenga malikisi a phunziro lililonse osabisa. Pansi, m'bokosi la ndemanga ya mphunzitsi wa kalasi, munalembedwa ndi bolopeni yofiira kuti "Lazy and dull". Pansi pake panali siginecha ya ahedi ndi chidindo. Bambo wake analoza m'bokosimo ndi chala.

"Loyambalo ndikulidziwa, asibweni," iye anatero. "Lezi. Tinkalimva kwa akapitawo pa ntchito ya msewu. Linalo akuti chiyani?"

"Akuti mutu wake sugwira."

Mtsikanayo anali kukanda pansi ndi kamtengo. Wa giredi 8 safuna womasulira. Anali atawerenga kale ali m'njira.

"Ndi bodza ili," ndinatero. "Mpunga umene uli m'nyumba mwako anaulondera ndani?"

"Za kumunda ndikudziwa, ndi wolimba. Koma awa akunena za ku sukulu. Amakhala naye ndi iwo, osati ife."

"Sanakhale naye. Anali pa nsanja."

"Nanga angalembe chinthu chimene sakuchidziwa? Ndi anthu ophunzira awa. Onani, adinda ndi chidindo."

Apa ndi pamene pamandiwawa mpaka lero. Mnansi akanamuuza m'Chisenga kuti mwana wako ndi mukata, kutanthauza waulesi, akanadzuka n'kumugwira pakhosi. Akanamufunsa kuti unamuona liti, unamuona kuti, nanga ako amachita chiyani. Koma mawu omwewo akabwera m'Chingerezi, pa pepala, ndi inki yofiira, anthu athu amawalandira ngati zotsatira za magazi za ku chipatala. Sawafunsa. Amaganiza kuti pali makina ena ake amene anayeza mwanayo m'kati n'kupeza ulesi. Ndipo olembawo akudziwa kuti sadzafunsidwa.

Atapita, mayi a kunyumba anatuluka m'khitchini mmene anali kumvetsera zonse.

"Mukanangowerenga kuti ayesetse temu ya mawa. Akanadziwa ndani?"

"Ine ndikanadziwa. Komanso lezi uja bambo wake wawerenga yekha."

"Inu ndi mapepala anu. Mwana apita ku Lundazi kukachapa matewera, inu mutsala mukupukuta magalasi."

"Sapita. Mawa ndikupita ku sukulu."

"Ndiye muvale jekete. Musakalalatire ana a eni chigongono chili pamtunda."

Ndinavala jekete. Ndinamutenga mtsikanayo, koma titayandikira ndinamuuza kuti akaime pa mjigo wa sukulu, pamene panali atsikana ena akutunga madzi, mpaka nditamuitana. Sukulu inali itatsekedwa koma aphunzitsi anali asanachoke, akudikira galimoto yopita ku boma. Mphunzitsi wa kalasi ndinamupeza m'chipinda cha aphunzitsi atakhala pa chikwama chake, akusewera ndi foni. Anali mnyamata wa ku tauni, waulemu ndithu. Anaimirira n'kundipatsa mpando.

"Ba mudala, nkhalani. Vuto ni chani?"

Ndinamuonetsa lipotilo n'kumufunsa ngati analemba ndi iye. Anavomera. Ndinamutengera pa windo.

"Mwanayu ali pa atsikana awo ali pa mjigo. Mundilozere."

Anayang'ana nthawi yaitali. Analoza wina wa nsalu yobiriwira, mwana wa m'mudzi wina amene sali n'komwe mu giredi 8. Kenako anaseka mwamanyazi.

"Uyu samabwera kawirikawiri, ndiye nkhope yanisokoneza."

"Mukudziwa chifukwa chake sanali kubwera?"

"Awe."

"Munafunsa?"

"Ba mudala, manje mufuna nichite bwanji? Kalasi yanga ana afika mpaka pa chitseko, ena ankhala pa mawindo. Malipoti ba hedi afuna mawa mawa. Nizamudziwa bwanji aliyense?"

"Ndiye mawu awa munawatenga kuti?"

Sanabise, chifukwa sanaone chobisa. Anandilozera pakhoma. Panali pepala lalikulu la manila, lachikasu ndi ukalamba, lomatidwa ndi misomali m'makona. Kumanzere kunali malikisi, kuyambira apamwamba kutsika pansi. Kumanja, moyang'anana ndi malikisiwo, kunali mawu. Pamwamba panali "brilliant" ndi "hardworking", wanzeru kwambiri ndi wolimbikira. Pakati panali mawu ofunda ngati "fair". Pansi penipeni panali aja a mdzukulu wanga. Mphunzitsi amaphatikiza malikisi, amayang'ana pakhoma, amakopera. Mwana wogona ndi njala, mwana wa malungo, mwana amene mtsinje unamutsekera njira mwezi wathunthu, ndi mwana amene amathawadi kukasewera, onse akagwera pa mzere wapansi amatuluka ndi dzina limodzi. Ndipo mwana wochenjera amene sagwira tsache ngakhale tsiku limodzi, akakhoza mayeso, amapita kwawo atatchedwa wolimbikira.

"Analemba ndani ichi?"

"Tinachipeza. Ngakhale ba hedi anachipeza chilipo kale. Chithandiza maningi, sitivutika kuganiza."

Ndikudziwa kuti makalasi ndi odzaza. Ndikudziwa kuti anyamata awa amatumizidwa kuno kutali ndi kwawo, amagona m'nyumba zodontha, amamva njovu zikuthyola mitengo kuseri kwa chimbudzi n'kumalakalaka kusamutsidwa. Sindinapite kukamuimba mlandu wa kuchuluka kwa ana. Koma kuchuluka kwa ana sikukakamiza dzanja kulemba chimene diso silinaone.

"Ngati mwana simukumudziwa," ndinatero, "siyani bokosilo lopanda kanthu. Palibe amene anamangidwapo chifukwa cha bokosi lopanda kanthu."

"Ba hedi sasaina ngati mulibe mawu."

Mawu anga anali atakwera, ndipo ahedi anatulukira kuchokera mu ofesi yawo. Ndi munthu wodziwa kuzizira, wa mano oyera. Anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Atate, inu ndinu kholo lathu pa ntchito ino. Nkhani yaing'ono iyi, tisakanganepo."

Ndinawafotokozera zonse, za chipatala, za mpunga, za ku Lundazi. Ndinawauza kuti tsogolo la mwana likulendewera pa bokosi limeneli. Anagwedeza mutu mwachisoni pa malo onse oyenera. Kenako anatuma mphunzitsi uja kukatenga lipoti lina losalembedwa.

"Mufuna tilembe chiyani, atate?"

"Zoona. Lembani kuti mwanayu sanabwere mbali yaikulu ya temu chifukwa cha matenda pakhomo, ndipo zimene angathe sizinaoneke. Basi."

Anaseka pang'ono.

"Bokosi ndi laling'ono, atate. Komanso makolo athu safuna nkhani, amafuna mawu amodzi. Tiwapatse abwino." Anatembenukira kwa mphunzitsi uja. "Tengani apamwambawo."

Mnyamatayo anakopera malikisi omwe aja, otsika omwe aja, anayang'ana pakhoma, ndipo m'bokosi analemba "Brilliant and hardworking". Ahedi anasaina, anauzira mpweya pa chidindo, anadinda.

"Mwaona? Manje aliyense wakondwa."

Sindikumbuka kuti ndinakwiyapo chotero pa moyo wanga wa ntchito. Ndinawauza kuti dzulo munamunyoza mwana osamudziwa, lero mukumutama osamudziwanso, ndipo mukuganiza kuti mwandichitira chifundo. Ndinawauza kuti mawu amenewa anthu anawapanga kuti tizisiyanitsa munthu ndi mnzake, ndipo inu mwawasandutsa maswiti ndi zikwapu zogawa mwa nambala. Ndinawafunsa kuti akadzafuna kunena za mwana wanzerudi, adzatenga mawu ati, popeza awa awathera pa aliyense wobwera ndi agogo olusa. Ahedi anangomwetulira ngati munthu amene akudikira mvula kuti ikate. Anatuluka pakhomo, anafunsa atsikana a pa mjigo kuti mdzukulu wa atatewa ndi uti, ndipo atabwera anamupatsa lipoti latsopanolo m'manja mwake, kundidumpha ine. Analandira ndi manja awiri atagwada pang'ono. Ahedi anatambasula dzanja kuti atenge loyamba lija akaling'ambe. Ndinalipinda n'kuliika m'thumba la jekete.

Pobwerera mtsikanayo anali kuliwerenga akuyenda, kenako analipinda bwinobwino.

"Agogo, atate akhulupirira?"

"Tikaona."

Bambo wake tinamupeza akumata tayala la njinga. Anapukuta manja pa buluku, anatenga lipotilo, ndipo ndinamuuza tanthauzo la mawu atsopanowo. Analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anapempha loyamba lija n'kuwaika onse awiri pa bondo.

"Chingerezi sindidziwa, asibweni, koma manambala ndimawerenga. Awa ndi omwewa. Asintha mawu okha."

"Chifukwa mawu oyambawo anali abodza."

"Nanga awa ndi oona?"

Sindikanatha kunena kuti inde. Ndinamufotokozera za pepala la pakhoma, mmene amakoperera, mmene mphunzitsi analozera mwana wa eni pa mjigo. Ndinaganiza kuti akamva zimenezo aona kuti malipoti onse awiri ndi opanda pake, n'kuyamba kuganiza yekha za mwana wake amene amamudziwa. Koma iye anamva zina.

"Ndiye kuti pepala la pakhomalo ndi lamulo lake. Wopeza chonchi ndi wotere, wopeza chonchi ndi wotere. Sanamuchitire nkhanza, anangotsata."

"Si lamulo. Ndi ulesi wa munthu wina amene anachoka kalekale."

"Asibweni, musandikwiyire. Loyambali analemba okha, popanda wowaimirira pamutu. Lachiwirili mwakalitenga ndi jekete. Inu mukakwiya ngakhale ine ndingalembe chilichonse."

Mkazi wake, amene anali atakhala pakhomo ndi khanda, anaseka pang'ono n'kudzigwira pakamwa. Ine sindinaseke. Chimene chinandipweteka ndi chakuti pa mbali imeneyo sanalakwe. Ahedi aja, ndi kukoma mtima kwawo kotchipa, anali atalimbitsa bodza loyamba. Akanalemba mzere umodzi woona, wonena za matenda ndi kujomba, bambo uyu akanauzindikira, chifukwa matendawo anali a m'nyumba mwake. M'malo mwake anamupatsa chinthu chimene ngakhale munthu wosaphunzira anaona kuti n'chogula.

Sindinasiye pomwepo. Tchuthi chinali chikadalipo. Ndinatulutsa mapepala akale a mayeso amene ndinasunga, ndipo mtsikanayo ankabwera m'mawa kudzalemba pakhonde panga, ine nditakhala pambali ndikuyang'ana. Ndinafuna kuona ndekha, osati kungomukonda. Masamu anali kuwamva msanga. Pamene anaphonya anali malo amene anzake anaphunzira iye ali pa nsanja, ndipo nditamuonetsa kamodzi sanafune kuuzidwanso. Chingerezi chake chinali chofooka pa kalembedwe ka mawu, ndipo ndinamuuza choncho, koma nkhani ankaiyala mwadongosolo, choyamba poyamba, chomaliza pomaliza. Akapanda kudziwa yankho ankasiya mpata n'kupitirira, kenako n'kubwererako, osati kulemba zilizonse kuti adzaze pepala monga amachitira aphunzitsi ake.

Ndinalemba lipoti langa, ndi kaboni pansi. Sindinalembe kuti "brilliant", chifukwa sindinaone zimenezo. Ndinalemba "capable", kuti angathe, ndipo ndinatchula masamu amene anakhoza. Ndinalemba "diligent", wakhama, ndipo ndinatchula munda wa mpunga. Ndinalembanso kuti amasankha bwino zinthu zikathina, chifukwa makolo ake ali ku chipatala, mng'ono wake atatentha thupi, sanadikire kuti mawa aona. Anapempha mnansi kuti amugwirire chingwe cha zitini, anabereka mwanayo mpaka ku kiliniki, ndipo anapezeka ndi malungo. Mawu aliwonse anali ndi chochitika chake pambali, monga anatiphunzitsira ku Tembwe. Ndinakamuwerengera bambo wake m'Chingerezi, kenako m'Chisenga, pang'onopang'ono.

Anamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto. Anaomba m'manja mofatsa kuthokoza.

"Mawu abwino, asibweni. Koma inu ndinu agogo ake, mungalembe zoipa? Ndiponso chidindo mulibe."

Ndinaphunzitsa theka la anthu a m'mudzi muno kugwira pensulo, kuphatikizapo iyeyo kwa zaka zochepa zimene anakhala pa benchi. Ndinamuona mwanayo akugwira ntchito, ndinamuyesa ndekha. Koma mawu anga anapepuka pamaso pa mawu a mnyamata amene sanathe kumuloza pa mjigo, chifukwa mnyamatayo ali ndi kachidutswa ka labala ndi inki.

Mtsikanayo anapita ku Lundazi sukulu zisanatsegulidwe, pa lole imene inabwera kudzanyamula mpunga. Anabwera kudzatsanzika atavala diresi la kutchalitchi. Mayi a kunyumba anamumangira mtedza mu kansalu ndipo anamulangiza zambiri, za ulemu, za anyamata a m'tauni. Kenako mtsikanayo anagwada pamaso panga. Atadzuka pogwada anandifunsa motsitsa.

"Agogo, lija munalemba inu ndingalitenge?"

Ndinamupatsa lenilenilo, ine ndinatsala ndi la kaboni. Malipoti awiri a ku sukulu aja sanawafunse, ndipo bambo wake sanawafunenso.

Temu itayamba ndinapitanso ku sukulu kukapempha kuti pepala la pakhoma lichotsedwe. Ndinalinenanso pa msonkhano wa makolo, nditaimirira. Makolo anandiyang'ana ngati ndikunena za nyengo ya dziko lina. Mmodzi anati bola ana akhoze, mawu alibe ntchito. Ndinamuuza kuti mawuwo angochotsa kumene mwana pa sukulu, iye anati nkhani za m'banja tisabweretse pa msonkhano. Ahedi anathokoza atate athu chifukwa cha nzeru zawo ndipo anapitirira ku nkhani ya njerwa za chimbudzi. Pepalalo likadalipo. Ndinamva kuti linang'ambika m'munsi ndipo wina analikoperanso pa manila watsopano, ndi zilembo zokongola.

Patapita miyezi, mwana wa mlongo wanga uja anabwera pakhomo panga akumwetulira, foni ili m'manja. Anali atangolankhula ndi mlongo wake wa ku Lundazi.

"Asibweni, akumutama kwambiri kumeneko. Akuti amadzuka onse asanadzuke, nyumba ikuwala, ana anenepa. Akuti chinthu umamuuza kamodzi basi. Ngakhale homuweki ya ana akuwathandiza ndi iye."

"Wamva zimene ukunenazo? Wolimbikira. Womva msanga. Si zimene ndinakuuza?"

"Ndi zomwezo, asibweni. Ndiye mwaona kuti ndinachita bwino. Kumeneko ndi kumene kuli pake."

"Nanga sukulu? Azakhali ake anati akamulowetsa kumeneko."

"Akuti aona, ana akakula pang'ono. Manje wakhanda angamusiyire ndani?"

Ndinamuuza kuti achoke pakhomo panga. Mayi a kunyumba anamuperekeza mpaka ku msewu akumupepesa, akuti malume ako wakalamba, usamutengere. Anzake a mtsikanayo analemba mayeso a giredi 9 chaka chotsatira. Iye sanalembe, ndipo mpaka lero sanabwererenso m'kalasi.